Sitima za 125 zija akuzitani? Zina ku sikirapu, zina ku Mexico ndi ku Lagos

Mayi a Tada (Plymouth): Abale mwadzuka bwanji. Ine lero ndaona malodza pa msewu wa A38 ndikuweruka ku night. Chi thilaki chachitali matayala osawerengeka, kutsogolo kagalimoto ka nyale zachikasu kumbuyo kenanso, nde pamwamba pake anyamulapo mutu wa sitima. Mutu weniweni wa mphuno yosongoka uja, wobiriwira uja tinkakwera popita ku Exeter. Sitima kukwera galimoto abale kkkk. Tayenda pang'onopang'ono ngati tili pa mdipiti wa maliro, tulo tonse tinabalalika. Akupita nayo kuti kodi?

Ankolo a ku Newport: Mlongo ngati yalowera cha kuno ndiye basi yapita kokaphedwa imeneyo. Ku doko kuno kuli kampani ya zitsulo zakutha ya Sims, ine ndimadutsa cha kumeneko ndi thilaki kawirikawiri, mabogi a sitima zimenezo ndawaonapo atandandalika kudikira nthawi yawo. Chimakina chake chili ndi dzanja ngati la nkhanu, chimangoti gwi pa denga nkuyamba kung'amba ngati munthu akusenda nthochi, mipando, mawaya, magalasi zonse mbwee. Bogi yoti inanyamula anthu zaka 40 kungotha tsiku limodzi yasanduka mulu.

Mayi a Tada (Plymouth): Aaa ankolo musatero mwandimvetsa chisoni. Inkaoneka yabwinobwino tu, penti yake osasupuka olo pang'ono

Ankolo a ku Newport: Mwinanso sikubwera kuno, zina amapita nazo ku Great Yarmouth kukazikweza sitima ya pamadzi. Zimatengera yagulidwa kapena ayi.

Aphiri a ku Joni: Mukukamba za chani pagulu pano mmawa uno? Ife tangomva kuti kokaphedwa tinayesa mbuzi ya Khirisimasi

Nangozo (adimini, Leeds): Sitima za kuno Aphiri, zakale za dizilo zothamanga zija amazitcha InterCity 125 kapena HST. Madala a ku Swindon ali pompano ndawaona awerenga, tiuzeni bambo inu munagwirako ku njanji.

Madala a ku Swindon: Zikomo mayi. Ine ndinagwira ku njanji kwathu ku Limbe osati kuno, kuno ndinangobwera kudzalera zidzukulu, koma munthu wa njanji ukamva chitsulo chikulira pa chitsulo chinzake khutu limadzuka lokha. Sitima mukunenazo zinayamba kunyamula anthu mu October 1976, kuchokera ku London Paddington kupita ku Bristol ndi ku South Wales, kudutsa pompano pa Swindon. Dzina la 125 likuchokera pa liwiro lake, mamailosi 125 pa ola, kunena kwathu makilomita 200 ndi kachidutswa. Imakhala ndi mitu iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, mabogi pakati, ndiye ikafika kumathero siitembenuka ayi dalaivala amangotsika nkukakwera mutu winawo. Mituyo anapanga 197 ku Crewe, mabogi ankapangira ku Derby. Mu November 1987 imodzi inathamanga mamailosi 148 pa ola ndipo mbiri imeneyo ya sitima ya dizilo ndi yomwe imawerengedwa mpaka lero. Tsono choseketsa nchakuti British Rail inazipanga ngati zongogwirizira, maso awo anali pa sitima ina yamakono yopendekeka pokhota yotchedwa APT. APT ija inakanika, zogwirizirazo nzimene zinasenza dziko lino zaka zoposa 40.

Aphiri a ku Joni: Kkkk ngati mwana wa mdzakazi kulowa ufumu

Che Makaniko (Ndirande): Madala pepani ndilowepo. Injini yake ndi yotani? Ine nkhani ya galimoto kapena sitima ndimayambira pamenepo, penti ndi za azimayi a Tada izo kkk

Mayi a Tada (Plymouth): Che Makaniko ndikubwera December mudzandiyankha pamaso

Madala a ku Swindon: Poyamba inali ndi injini ya Paxman Valenta, mphamvu ya mahatchi 2,250 mutu umodzi. Amene anaimva ikunyamuka pa siteshoni amati inkalira mokuwa ngati ndege, utsi tolotolo. Kenako cha pakati pa 2005 ndi 2010 ambiri anawachotsa nkuikamo a MTU a ku Germany, osaphokosa kwambiri komanso osamwa mafuta ngati akale aja. Injiniyo siizunguza mateyala mwachindunji ngati ya lole ayi achimwene, imazunguza jenereta, magetsi ake ndi amene amapita ku mamota ali pansi apo.

Che Makaniko (Ndirande): Ndiye dikirani kaye. Mukundiuza kuti injini anasintha posachedwapa, thupi lilipo, ikuyenda, koma akukaidula? Kuno minibasi ya 1998 chitseko chomangira lamba ikadali pa mzere ku Limbe. Anthu akumeneko ndalama zawapweteka eti

Nangozo (adimini, Leeds): Che Makaniko vuto silinali injini, linali zitseko ndi zimbudzi. Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira ine nditangofika kuno. Ndakwera bwinobwino, tafika pa siteshoni yanga, ndaima pa chitseko ndi chikwama kudikira chitseguke. Zii. Ndikufunafuna batani palibe, chogwirira mkati palibe. Kumbuyo kwanga anthu atatu angondiyang'ana mwaulemu wa kuno uja osayankhula. Mpaka agogo ena aakazi anandisuntha pang'ono, kutsitsa windo, kutulutsa mkono panja nkupotoza chogwirira cha KUNJA chitseko nkutseguka. Manyazi anandigwira tsiku limenelo, ndinatsika thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira. Ndiye tangoganizani munthu wa pa njinga ya aulumali kapena wosaona, angatsegule bwanji chitseko chotero? Lamulo linati pofika 1 January 2020 sitima zonse zikhale zoti anthu aulumali atha kukwera mosavuta, zina anazipatsako nthawi yoonjezera pang'ono koma mapeto ake anali omwewo.

Aphiri a ku Joni: Nanga zimbudzi zinatani?

Nangozo (adimini, Leeds): Mkati munali chikwangwani choti musagejemule sitima ikaima pa siteshoni. Ine ndinkadabwa kuti bwanji. Kumeneko zonse zinkangogwera pa njanji Aphiri, panalibe thanki. Anyamata okonza njanji ndi amene ankakumana nazo.

Aphiri a ku Joni: Ku Mangalande?? Kwa a Mfumukazi?? Kkkkkkk ndafa ine. Nde amatiseka ife za thengo

Mayi a Tada (Plymouth): Kkkk Aphiri chonde ndili mu basi anthu akundiyang'ana

Mwana wa ku Dedza (Norwich): Moni akuluakulu. Ndionjezereko pang'ono poti ine ndimadutsa pa Ely pafupipafupi popita ku sukulu. Cha kumpoto kwa tauniyo kuli malo osungirako sitima otchedwa Papworth Sidings, umaona ndithu uli pa windo. Nthawi ina panadzadza ma 125 mizere mizere, ofiira a LNER ndi ena a blue, angoima mu mvula, ndere zayamba kumera m'mbali mwa mawindo, ena ana opanda mwambo awalembalemba ndi penti. Enanso ankasungidwa ku Long Marston. Tsono chomwe anthu ambiri sadziwa nchakuti makampani oyendetsa sitima kuno, ma GWR, LNER ndi anzawo, sitima zambiri si zawo. Pomwe boma linagulitsa njanji cha m'ma 1994 sitimazo zinapita kwa makampani obwereketsa, Angel Trains, Porterbrook ndi Eversholt. Oyendetsawo amangolipira lendi. Lendi ikatha amabweza kwa mwini wake, ndiye mwiniyo watsala ndi chitsulo cha matani 70 chomwe sichikubweretsa kanthu koma akulipirira malo oimikapo mwezi ndi mwezi. Apeze wina wobwereka, agulitse, kapena aitane a sikirapu. Palibe njira yachinayi.

Che Makaniko (Ndirande): Iwe mwana wayankhula zanzeru. Ndipo ndikuuze, galimoto siimafa ndi kuyenda, imafa ndi kuima. Pagalaja panga pano pali Canter ya bwana wina inabwera ndi vuto la giya bokosi lokha, mwini wake anati ndikubwera ndi ndalama, zaka zitatu tsopano. Lero batire linafa kalekale, marabala onse anauma, mabuleki anagwirana, makoswe anadya mawaya, nkhuku ya mayi akunyumba ikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. Kuti iyendenso pafunika ndalama yoposa ya giya bokosi ija katatu. Sitima ikaima zaka ziwiri mu chinyontho cha kwanuko ndi chimodzimodzi basi.

Mwana wa ku Dedza (Norwich): Eya bambo ndi zomwezo. Olo zomwe anasankha kuzikonza ku Doncaster, kuika zitseko zotseguka ndi batani ndi mathanki a zimbudzi, atatsegula mabogi anapeza dzimbiri lambiri kuposa mmene ankaganizira ntchito nkuchedwa kwambiri.

Ankolo a ku Newport: Ndipo musaiwale kuti asanadule amayamba achotsa zonse zabwino. Injini, mamota, mateyala zimapita kukathandiza zinzake zomwe zikuyendabe. Chimafika ku doko kuno nthawi zambiri ndi chigoba. Kopa yemwe ali mmawaya ndi amene a sikirapu amamufuna kwambiri.

Che Makaniko (Ndirande): Chigoba chomwecho kungochitula pa Ndirande pano sabata siingathe. Mbaula, mafelemu a zitseko, mawilibala, makasu, mpaka tizitsulo totsala ana apangira magalimoto a mawaya. Bogi imodzi ndi yaitali bwanji?

Madala a ku Swindon: Mamita 23 achimwene.

Che Makaniko (Ndirande): Mayo ine. Imeneyotu ndi lesitilanti yathunthu, mipando ili kale momwemo

Aphiri a ku Joni: Koma tabwererani pa zomwe ananena ankolo zokweza pa sitima ya pamadzi zija. Zikupita kuti?

Mwana wa ku Dedza (Norwich): Mexico ndi Nigeria. Kuyambira 2023 kampani ina ya kuno yotchedwa Romic yakhala ikugula mitu ndi mabogi nkutumiza kunja. Za ku Mexico zinapita pa njanji yodutsa pomwe dzikolo ndi lopyapyala, kuchokera ku Coatzacoalcos mbali ya nyanja ya Atlantic kukafika ku Salina Cruz ku Pacific, makilomita pafupifupi 300. Anatsegulira mu December 2023 nthawi ya pulezidenti López Obrador ndipo oyang'anira ndi asilikali a pamadzi. Za ku Nigeria zinapita ku Lagos pa Red Line, ya Agbado mpaka Oyingbo, makilomita 27 okha, a Tinubu anakatsegulira mu February 2024.

Aphiri a ku Joni: Ndinadziwa ine. NDINADZIWA. Kaunjika basi. Iwo agula zatsopano za Hitachi zonyezimira, zotha zija akuti tumizani ku Africa akalandira ndi manja awiri. Sitima yoti kwawo aikana kuti siyoyenera anthu awo, anthu a ku Lagos ndiye oyenera? Mpaka liti abale tizivala zovula ena? Zovala kaunjika, nsapato kaunjika, galimoto ex Japan, mafiriji ex UK, pano mpaka sitima ya mu belo

Mayi a Tada (Plymouth): Sitima ya mu belo kkkkk koma Aphiri

Che Makaniko (Ndirande): Achimwene Aphiri ndikufunseni, jekete munavala pa ukwati wa mlongo wanu ku Chilomoni lija munagula kuti? Musayankhe pagulu. Kaunjika sikutukwana ayi. Belo limakhala ndi namba wani ndi zotsalira za pansi, wochenjera amalawira nkusankha. Ine ndakhala mu ovolosi zaka zoposa 20, ex Japan yosamalidwa bwino imaposa zatsopano zina zotchipa zomwe zikubwera masiku anozi. Funso langa ndi limodzi basi, masipeya abwera nawo? Munthu woidziwa kukonza abwera naye kuti aphunzitse anyamata akumeneko? Ngati eya, agula bwino. Ngati angogula mitu ndi mabogi nkujambulitsa ndi riboni, pakatha zaka zitatu ziima ngati Canter ili pagalaja pangayi.

Aphiri a ku Joni: Jekete lija linali la mu shopu inu

Che Makaniko (Ndirande): Mthumba munali tikiti ya basi ya ku Manchester

Nangozo (adimini, Leeds): Kkkkkk abale ndichotsa anthu pagulu pano

Mwana wa ku Dedza (Norwich): Komanso Aphiri si Africa yokha. Mexico si Africa, ndipo Scotland yomwe inatenganso zomwezi zitachoka ku GWR. Ku Lagos komweko anagulanso sitima ziwiri za Talgo zomwe zinapangidwira boma la Wisconsin ku America koma sizinanyamuleko munthu kumeneko, zinangokhala zaka zambiri. Ine chimene chimandidabwitsa ndi ntchito yomwe aipatsa. Sitima inapangidwa kuti izithamanga London mpaka Edinburgh osaimaima, pano ikugwira ntchito ya minibasi, kunyamuka kuima kunyamuka kuima pa makilomita 27. Ndipo zitseko zake zili kumapeto kwa bogi kokha, tiwiri mbali iliyonse, pomwe sitima ya mtauni imafuna zitseko zambiri zazikulu kuti chikhamu chitsike msanga.

Che Makaniko (Ndirande): Apo ndiye ndavomera. Kutenga kochi ya Blantyre Lilongwe nkuiika pa ruti ya Ndirande Limbe. Iyenda koma ikukudandaula mumtima.

Achimwene a ku Aberdeen: Ndangotsegula foni pa break ndapeza mauthenga 40 kkk. Ine ndi amene ndazikwera kwambiri pagulu pano mwina, Aberdeen Glasgow, Aberdeen Edinburgh. ScotRail inazibweretsa mu 2018 nkuzitcha Inter7City, zofupikitsa, mabogi anayi kapena asanu. Kunena zoona kukoma kwake palibe angatsutse, mipando yofewa, mkati muli zii chifukwa injini ili kutali kumutu uko osati pansi pa mpando wako ngati tisitima tinati. Ndikaweruka ndatopa ndimagona mpaka Dundee osadziwa. Koma Aphiri ali ndi mfundo yomwe mukuiseka. Pa 12 August 2020 imodzi mwa zimenezi inagwa ku Carmont pafupi ndi Stonehaven, makilomita ochepa kuchoka pomwe ndimakhala. Kunagwa chimvula usiku ndi mmawa, miyala ndi dothi zinakokoloka kuchokera mu ngalande yomwe siinamangidwe motsatira pulani nkudzaza pa njanji, sitima nkuomba. Anthu atatu anamwalira, dalaivala, kondakitala ndi wokwera mmodzi, ndipo mwayi unali woti inali nthawi ya Covid munali anthu ochepa. Ofufuza atatulutsa lipoti mu 2022 ananena kuti gwero linali ngalande ija, koma anatinso ikanakhala sitima yomangidwa pa malamulo a masiku ano mwina zotsatira zake sizikanafika pamenepo. Chipinda cha dalaivala kutsogolo kuja sichinamangidwe molimba ngati za masiku ano. Bungwe la madalaivala la ASLEF kuchokera pamenepo lakhala likukakamira kuti zichoke. Ndiye tikamati zikadali zabwino tizikumbukanso amene amakhala kutsogoloyo.

Aphiri a ku Joni: Mwamva? Zikomo achimwene. Dalaivala wa ku Lagos alibe ana?

Madala a ku Swindon: Mfundo imeneyo ndi yolemera ndipo sindiitsutsa. Mizimu ya anthu atatuwo iuse mumtendere. Ndingoti tiyeze mbali zonse. Munthu wa ku Agbado akapanda kukwera sitimayo sikuti akwera sitima yatsopano, akwera kaminibasi kachikasu kaja mumsewu wothinana, maola awiri atatu. Pa ziwirizo ine mdzukulu wanga ndingamukweze sitima yakaleyo. Komanso ngozi imakula ndi liwiro, ndipo pa kanjira ka mtauni sangaithamangitse 200. Chimene ndingaope ine ndi malo odutsana njanji ndi msewu, chifukwa kumeneko mutu uja ukakumana ndi thilaki ya simenti woyamba kulandira ndi dalaivala.

Aphiri a ku Joni: Madala ndakumvani koma mtima wanga sunakhazikike. Tikazolowera kunena kuti bola zakalezo kusiyana ndi minibasi, zatsopano sitidzaziona mpaka Yesu adzabwere. A Tanzania amanga yawo yamagetsi Dar es Salaam mpaka Dodoma, yatsopano, inayamba 2024. Anthu ngati ife tomwe.

Mayi a Tada (Plymouth): Nanga bwanji boma lathu osagulako ziwiri zokha? Blantyre Lilongwe ola limodzi ndi theka, kusiyana ndi kukhala mu basi maola asanu kuima pa Zalewa, pa Ntcheu, pa Lizulu kugula mbatata

Madala a ku Swindon: Mayi olo atatipatsa zaulere ndi sitima ya pamadzi yomwe, sizingayende kwathu. Njanji ya kuno mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri ndi mamilimita 1,435. Yathu ndi 1,067, chimodzimodzi Mozambique, Zambia, Zimbabwe, TAZARA mpaka ku South Africa. Kusiyana kwake mamilimita 368, kuposa rula ya ku pulayimale. Mexico ndi njanji yatsopano ya ku Lagos ndi za 1,435 nchifukwa chake iwo anatha kugula. Kuti usinthe mateyala ndi zonse zapansi apo ndalama yake bola kugula ina.

Aphiri a ku Joni: Kuno ndi Gautrain yokha ili ndi njanji yotakatayo, zinazi ndi zopapatiza ngati kwathu

Madala a ku Swindon: Eya. Ndipo chachiwiri, liwiro silikhala mu sitima mokha, limakhala mu njanji. Kuno anasankha kuyambira njira ya Paddington Bristol chifukwa injiniya Brunel anaimanga yowongoka ndi yosalala kalekale m'zaka za m'ma 1830. Yathu yochoka ku Limbe kutsetsereka kupita ku Balaka ndi yokhotakhota, kenako Salima, nkukwera mtunda kupita ku Kanengo, siidutsa mmene umadutsira msewu wa M1. Pa njanji yotero 125 iziyenda liwiro lomwelo la sitima yathu ya ku Nayuchi, mbuzi zikuoloka, amayi akugulitsa nzimbe pa windo. Ife nthawi yathu tinkati ukafuna sitima yothamanga yamba wagula miyala ndi mathabwa a pansi, mutu ugule pomaliza.

Mayi a Tada (Plymouth): Ndiye maloto anga athera pa rula ya ku pulayimale basi

Che Makaniko (Ndirande): Koma madala zakale za ku Britain ife tikuzidziwa kusamala tu. Ilala si ya ku Scotland?

Achimwene a ku Aberdeen: Ya ku Glasgow, kampani ya Yarrow, 1949. Inabwera mzidutswa nkudzailumikiza kwathu, inayamba kuyenda pa nyanja 1951. Ndikawauza anzanga kuntchito kuno amayesa ndikunama.

Che Makaniko (Ndirande): Mwaona? 125 ndi mwana kwa Ilala. Nayonso anaisinthapo mainjini. Nkhani ndi anthu oigwira basi

Nangozo (adimini, Leeds): Koma Che Makaniko anthu a ku Likoma ndi ku Chizumulu mukawafunsa akufuna yatsopano, musawanamizire kuti akunyadira ukalamba wake

Che Makaniko (Ndirande): Apo mwandigwira asisi kkk

Ankolo a ku Newport: Ine ndifunse, ndiye kuno zatheratu? Poti ndinaonapo yachikasu yonse ikudutsa cha ku Severn Tunnel, mawindo ochepa, mkati mopanda anthu.

Mwana wa ku Dedza (Norwich): Imeneyo ndi ya Network Rail ankolo, yoyeza njanji, ili ndi makamera ndi makompyuta imayenda ikuunika ngati pali pomwe pakhota kapena pang'aluka. Azungu amaitcha Flying Banana chifukwa cha mtundu wakewo. Palinso ya blue ya Midland Pullman yonyamula alendo okaona malo, tikiti yake ndi yowawa. Ena ndi magulu a anthu okonda sitima ngati 125 Group omwe amasonkha ndalama nkugula mitu kuti isadulidwe. Koma pa maulendo ataliatali zinachoka motsatizana, GWR ku Paddington May 2019, LNER December 2019, East Midlands May 2021, CrossCountry September 2023. Zobiriwira zomwe ankakwera Mayi a Tada ndi zofupikitsa zija GWR inazisiyira ku Devon ndi Cornwall nkuzitcha Castle.

Nangozo (adimini, Leeds): Ya LNER yotsanzikira ndinaiona ndi maso anga pa Leeds December 2019, anaipenta mtundu wake wakale, blue ndi grey mphuno yachikasu. Pulatifomu inadzadza azibambo akuluakulu ndi makamera, wina pafupi nane mdala wa imvi zake misozi ili chuchuchu. Ine ndinkangodikira yanga yopita ku ntchito ndikudabwa kuti kodi kwamwalira ndani

Aphiri a ku Joni: Kulira sitima. Anthu opanda mavuto

Madala a ku Swindon: Musawaseke Aphiri. Mwina bambo ake ankagwira mmenemo, mwina ndi yomwe inamutengera koyamba ku London ali mnyamata. Ine nditapita kwathu ulendo wathawu ndinakaima pa mpanda ku Limbe kuyang'ana mabogi akale omwe tinkakonza atamera udzu mkati, ndinakhala pamenepo nthawi yaitali mpaka mlonda anabwera kudzandifunsa ngati ndasochera.

Aphiri a ku Joni: Pepani madala, pakamwa panga pamathamanga kuposa 125

Madala a ku Swindon: Palibe kanthu mwana wanga. Amene mukufuna kuiona yosadulidwa, mutu woyamba pa 197 ija nambala 43002 uli ku National Railway Museum ku York, kulowa ndi ulele. Anaupatsa dzina la Sir Kenneth Grange, mkulu amene anajambula mphuno ija, anamwalira 2024. Yemweyo anajambulanso makina osakanizira ufa a Kenwood, mwina ena muli nawo kukhitchini osadziwa. Wa liwiro la 148 uja, 43102, nawonso anausunga, uli ku Shildon.

Mayi a Tada (Plymouth): Tada amakonda sitima moti akaona pa TV amasiya nsima. Half term ikubwerayi tikhoza kupita ku York ngati gulu? Asisi Nangozo muli pafupi inu mutilandire

Nangozo (adimini, Leeds): Bwerani, pabalaza pagona anthu anayi, ufa ndili nawo koma ndiwo mubwere nazo. Amene akufuna alembe dzina pansipa pofika Lachisanu tione za matikiti, tikachedwa akwera mtengo. Madala inu ndiye otitsogolera, musakane.

Madala a ku Swindon: Ndifunse kaye kwa mwana wanga ngati sali pa ntchito sabata imeneyo, apo ayi ndibwera ndi zidzukulu zonse zitatu mudzaziona nokha.

Che Makaniko (Ndirande): Ife a kuno mutijambulireko pansi pake pomwe pali mamota, osati maselfie okhaokha. Ankolo inunso mukadutsa ku doko kuja mufunse mpando umodzi amagulitsa bwanji, ndiike pagalaja makasitomala azidikirirapo

Ankolo a ku Newport: Mpando ndifunsa, koma ya kontena mulipira nokha

Mayi a Tada (Plymouth): Ndafika kunyumba ine ndikagone, 7 koloko ndibwereranso. Chithunzi cha thilaki ija ndatumiza, chatuluka mbuu ndimajambulira pa windo la basi, nambala yake sikuoneka bwino koma ikuyamba ndi 43